Chitsa cha Pansi pa Nyanja ya Sorrel

A Pulofesa Garland Pruett ananena mawuwo Lolemba masana, mu lesitilanti ya Nadine, milomo ili noninoni ndi mafuta a nkhosa. Anati pa zaka makumi atatu zomwe akhala akuboola mitengo, kuyambira ku Alaska mpaka ku Mexico, chitsulo chawo sichinakanirirepo mu mtengo ngakhale kamodzi. Mtengo, iwo anatero, umamva dzanja la munthu wodziwa.

Fermin Etchart, mwini abulu onyamula katundu m'mapiri, anali pa tebulo lomwelo. Sanatsutse. Anayang'ana manja a Pulofesa, osalala ngati a wansembe, nayang'ananso a mayi amene anakhala pambali pawo, okhakhala ngati khungwa. Kenako anapempha Nadine kuti amuonjezere khofi.

Mayiyo anali Ofelia Barragan. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ankagwira ntchito m'chipinda chapansi ku yunivesite, kupala matabwa ndi kuwerenga mizere ya mkati mwa mitengo: mzere umodzi chaka chimodzi, wonenepa mvula ikagwa, wowonda kukakhala chilala. Mabuku ankatuluka ndi dzina la a Pulofesa, ndipo zimenezo sizinkamusowetsa tulo. Chinkamusowetsa tulo ndi mpata.

Mitengo yamoyo ya m'mapiri mwathu imakumbukira zaka mazana asanu ndi awiri. Zipika zakufa zomwe zili mbwee pamwamba pa zitunda zimakumbukira zaka zina chikwi za kumbuyo kwake. Koma zingwe ziwirizi sizinkalumikizana. Pakati pake panali nyengo imene mitengo yonse ya m'zitunda inafa ndi ludzu, ndipo panalibe wodziwa ngati nyengoyo inali zaka makumi atatu kapena mazana awiri. Ofelia anafufuza mtengo woti utseke mpatawo mpaka tsitsi kuchita imvi. Mu Disembala anali woti apume pa ntchito.

Ndiye kunabwera uthenga wa Fermin. Chilala chathu chinali m'chaka chachisanu ndi chinayi, ndipo Nyanja ya Sorrel, ulendo wa masiku atatu wapansi, inali itaphwa mpaka kutulukira zitsa pansi pake, mizu ili m'nthaka. Mtengo wa paini sumera m'madzi. Ngati mitengoyo inamera pamenepo, ndiye kuti inamera nyanja itauma, ikumwa timadzi totsalira pansi, pamene inzake ya m'zitunda inkafa. Ofelia atamva pa foni, akuti anakhala pansi pa simenti nsapato imodzi ili m'manja.

Vuto linali la nthawi. A zanyengo anati mkuntho waukulu ukubwera kuchokera kunyanja ya mchere, ufika Lachisanu madzulo. Ukafika, nyanja idzadza, zitsa zimira, chipale chofewa chozizira chitseka njira mpaka chaka chamawa. Fermin anawerenga pa zala: Lachinayi afika, Lachisanu m'mamawa acheka, masana omwewo awoloke mtsinje wa Tolliver usanadzuke. Anati zitheka ngati sipakhala wochedwetsa anzake. Ananena zimenezi akuyang'ana kudenga.

Ananyamuka Lachiwiri dzuwa lisanatenthe, anthu atatu ndi abulu awiri. Bulu wina dzina lake Lupe. Winayo ankatchedwa Gavanala, chifukwa sankasuntha pokhapokha anthu onse akumuyang'ana. Katundu anali nyemba, soseji, buledi wouma, khofi, zingwe, ndi macheka aatali ogwira anthu awiri, poti lamulo la m'nkhalangomo sililola injini. A Pulofesa anaonjezera kamera ya miyendo itatu ndi chipewa chachikulu chimene sichinkadziwa mvula.

Tsiku loyamba anadutsa chigwa chotuwa mmene munali mafupa a ng'ombe za mlimi wina wakwathu, Wendell Sproul. Fumbi linkalowa mpaka m'mano. A Pulofesa ankayenda patsogolo akufotokoza mbiri ya miyala, ndipo kawiri Fermin anawaitana mwaulemu kuti njira ili kuno, iyo ndi ya agwape.

Tsiku lachiwiri masana anatula katundu pa kasupe, nakwera kathanthwe kuti aone njira. Pobwerera anapeza chimbalangondo chitakhala pansi ngati mlendo woitanidwa, thumba la soseji lili pakati pa miyendo. Abulu anali ataima patali akuonerera. M'mawa womwewo a Pulofesa anali atawaphunzitsa anzawo momwe munthu amaimira pamaso pa chimbalangondo, koma tsopano anasankha kuimira kumbuyo kwa Ofelia, kumene amati nkhani yonse inkaoneka bwino. Fermin anamenya poto ndi supuni. Chimbalangondo chinamuyang'ana mokhumudwa, chinaluma thumba, chinatenganso buledi, chinapita osathamanga.

"Zatsala nyemba za masiku awiri," anatero Fermin. "Ndi khofi. Amene akufuna kubwerera anene pano."

"Ine ndidya khungwa," anatero Ofelia, akumanga kale katundu pa Lupe.

Lachitatu madzulo anawoloka Tolliver osavula nsapato, poti munali mchenga wokhawokha. Lachinayi masana anakwera chitunda chomaliza, nyanja nkuonekera pansi pawo.

Madzi anali atathawira pakati, kusiya matope ong'aluka mbali zonse. M'mphepete mwa madziwo munali zitsa, zotuwa, zoima mizere ngati anthu odikira basi. Zinalipo zoposa makumi anayi. Ofelia, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi wodwala mawondo, anatsetsereka chitundacho akuthamanga. Anafika pa chitsa choyamba nachisisita ngati ng'ombe. Anapita pa china, napitanso pa china, akuseka yekha. A Pulofesa nawo anavula chipewa.

Ntchito inayamba pomwepo. Choboolera mitengo ndi chitoliro chachitsulo chowonda, chotalika ngati mkono, chokhala ndi chogwirira chopingasa. Umachipotokola kuti chilowe, umasolola kamtengo konga pensulo kuti uone zamkati, kenako umachitulutsa nthawi yomweyo. Lamulo lake ndi limodzi ndipo aliyense wa ntchitoyi amaliphunzira tsiku loyamba: usachisiye mu mtengo. Thabwa limabwerera m'malo mwake nkuchiluma.

Ofelia anaboola zitsa khumi ndi zinayi dzuwa lisanalowe. Zonse zinali zofumbwa mkati. Zinazo zinkaoneka zowola ndi kunja komwe. Chinatsala chachikulu kwambiri, chimene chinaima chokha mizu ili pamadzi, chachikulu moti anthu awiri sakanachikumbatira.

Lachisanu kunacha kumwamba kuli mbee, koma kumadzulo kunali mzere wakuda. A Pulofesa anaimika kamera yawo nanena kuti chitsa ichi aboola okha. Pamwamba chinali chowola, pansi chinali m'matope, choncho anaboola pa msinkhu wa bondo, pa malo okhawo olimba. Kunena zoona anaboola bwino. Kapensulo kanatuluka kathunthu, kofiirira, konunkhira utomoni ngati kadulidwa dzulo, mizere ili thithithi. Ofelia anakayang'ana ndi kagalasi kake.

"Ndi chimenechi," anatero. "Tulutsani chitsulo ticheke."

A Pulofesa anakweza chala chimodzi. Anatenga kapensulo kaja, anaima kutsogolo kwa kamera, nayamba kuuza mibadwo ya mtsogolo zomwe zachitika. Mphepo inaulutsa chipewa, anayambiranso. Anaiwala kutchula za ku Alaska, anayambiranso. Ofelia anawakumbutsa kachiwiri, iwo anati miniti imodzi. Atamaliza, patapita theka la ola, anagwira chogwirira kuti apotokole. Sichinasunthe. Anagwira ndi manja awiri, anaponda chitsa ndi phazi, nkhope inafiira. Chitsulo chinali chitasanduka nthambi.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. A Pulofesa anasiya chogwirira napita kukazimitsa kamera.

Kapensulo pakokha sikanali kokwanira. M'zaka za chilala mtengo umadumpha mzere mbali imodzi nkuulemba mbali ina, ndiye kapensulo kamanama. Pankafunika kucheka chitsa chonse chopingasa, kuchotsa chidutswa chozungulira ngati gudumu. Ndipo malo okhawo oti macheka adutse ndi pamene panali chitsulo.

"Bwana," anatero Fermin, "mwachita bwino kujambula. Anthu akanakana kuti zinachitika."

Anayesa mafuta ophikira, anayesa kugogoda ndi mwala. Kenako Ofelia anamanga chingwe pa chogwirira, nsonga ina pa chitsa chapafupi, kuti akamapotokola chingwe chizipota nkukoka. Chingwe chinaduka kawiri. Dzuwa linafika pamutu, mzere wakuda uja utadya theka la thambo. Pomaliza anamangirira chingwe kwa Gavanala, amene anakana kusuntha mpaka onse atatu atamuyang'ana. Atakhutira kuti akuonedwa, anakoka pang'onopang'ono, Ofelia akupotokola ndi thupi lonse. Chitsulo chinalira, chinalira, kenako chinatuluka, Ofelia nkugwa chagada m'matope. Anadzuka akuseka. Inali nthawi ya 1 koloko.

Macheka anagwira Fermin ndi a Pulofesa. Sipanapite nthawi Fermin anaima.

"Mukukankha, bwana. Macheka awa ali ngati banja. Mumakoka nthawi yanu, kenako mumasiya mnzanu akoke."

A Pulofesa anati akudziwa. Anakankhanso, macheka nkupindika. Ofelia anawagwira paphewa nawapempha kuti akagwire abulu, ntchito imene anati ndi yofunika kwambiri, iye nkutenga malo awo pa macheka.

Mvula inayamba macheka ali pakati. Poyamba madontho akuluakulu, kenako matalala onga nsawawa. Mphenzi inawomba chitunda, abulu nkuyamba kuvina, a Pulofesa atakangamira zingwe. Timakwawa tonse ta m'mapiri tinadzuka nthawi imodzi kuthira m'nyanja. Madzi anafika m'akakolo, anafika m'miyendo. Anachotsa mutu wowola wa chitsa, nayamba kucheka kachiwiri pansi pake, macheka akupala pamwamba pa madzi. Fermin ankaimba nyimbo ya abusa a nkhosa kuti manja agwirizane, Ofelia akuyankha mawu osawadziwa. Koka, siya. Koka, siya. Utuchi unkayandama ngati thovu.

Gudumu linamasuka madzi atagunda mano a macheka. Onse atatu analinyamula, akuterereka, akutukwana, akusekerera, mpaka pamtunda. Linali lotambalala ngati tebulo la anthu awiri, lolemera ngati thumba la simenti. Ofelia analikumbatira, tsaya lake pa thabwa. Atacheuka ali pamwamba pa chitunda, zitsa zinali zikumira chimodzichimodzi.

Nthawi yowoloka Tolliver inali itapita kale. Anagona pansi pa thanthwe, anadya nyemba zomaliza, nafika pa mtsinjewo Loweruka m'mawa.

Mchenga uja unalibenso. Panali madzi ofiira ngati a njerwa, akugudubuza miyala imene inkamveka m'mapazi. Fermin anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, nadikira pang'ono, kamtengo kanamira. Anati mtsinje ukukwerabe, kumbuyo kwawo chipale chayamba, chakudya palibe. Kuwoloka ndi pano, madzi akadali m'chiuno. Anawolotsa abulu opanda katundu wolemera, poti bulu akagwa ndi katundu m'madzi sadzuka, namanga chingwe pa mitengo ya tsidya ndi tsidya. Iye anakhala kutsidya kugwira mfundo kuti isamasuke. Gudumu analimanga lamba, Ofelia mbali iyi, a Pulofesa mbali iyo, aliyense dzanja limodzi pa chingwe.

Anayenda bwino mpaka pakati. Pamenepo mwala unachoka pansi pa phazi la a Pulofesa. Anataya chingwe, anataya lamba, anamira, anatumphuka pafupi ndi bondo la Ofelia maso ali tong'o, madzi akuwakoka.

Ofelia anali ndi manja awiri okha. Lina linali pa chingwe.

Anasiya gudumu nagwira kolala.

Fermin analowa m'madzi nawakokera onse kumtunda. Gudumu linatembenuka kamodzi, linaonetsa nkhope yake yofiirira, linagunda thanthwe, nazimiririka pa khona. A Pulofesa anasanza madzi kwa kanthawi. Atapisa m'thumba la malaya, kapensulo kaja kanatuluka katasanduka tizidutswa ngati mpunga. Anatsegula pakamwa kuti alankhule.

"Musanene kanthu," anatero Ofelia. "Mukanena ndikubwezerani momwemo."

Anayenda masiku awiri otsalawo ndi khofi yekha m'mimba, ndipo kunalibe wofotokoza mbiri ya miyala. Atafika pa msewu pamene anasiya galimoto, Ofelia analowa nakhala, maso kutsogolo. A Pulofesa sanalowe. Anafunsa Fermin kuti Tolliver amathera kuti. Fermin anati amatsika mamailosi makumi awiri m'chigwembe chopanda njira, nkukamwazika m'dambo la kumunsi. A Pulofesa anapempha chonyamulira katundu cha kumbuyo, chingwe, ndi zitini za nsomba zomwe zinali m'galimoto. Fermin anawapatsa, naonjezera mawu akuti anthu amene amalowa m'chigwembecho madzi atadutsa amakonda kutuluka atanyamulidwa. Iwo anati amva. Kamera anaisiya pa mpando.

M'tauni nkhani inafika iwo asanafike, monga mwa nthawi zonse. Ena anati gudumu linasweka pa mathithi. Ena anati lakwiririka mu mchenga, adzalipeza adzukulu. Ambiri ankadera nkhawa za a Pulofesa, koma mosapitirira muyezo. Ofelia anachita lendi chipinda kwa Nadine nakana kubwerera ku yunivesite. Sananene kuti akudikira. Ankangokhala pa tebulo la pawindo.

Lachisanu lotsatira oweta ng'ombe anasonkhana mu lesitilantimo kukambirana za kagawidwe ka madzi. Mvula ija inali itawalimbitsa mtima. Wendell Sproul anaimirira nanena kuti chilala chatha, agogo ake anaona zilala zitatu ndipo panalibe chopitirira zaka khumi, choncho iye agulanso ng'ombe mazana awiri. Anthu ankavomereza ndi mitu. Nadine, amene ankapukuta pawindo, anati kunja kukubwera tebulo la miyendo iwiri.

Anali a Pulofesa, gudumu lili kumsana. Chitseko chinawavuta kulowa, mpaka anachita kupendekeka. Ndevu zinali zitamera, chipewa kunalibe, nsapato imodzi inali yomangidwa ndi waya. Buluku analimanga ndi chingwe, chifukwa lamba wawo anali atamangira gudumu, limene linang'aluka pakati koma zidutswa zonse ziwiri zinalipo. Fermin anadzuka kuti awathandize, iwo anakana ndi mutu. Anayenda okha mpaka pa tebulo la pawindo, anagwada, natula.

Zinadziwika pambuyo pake kuti analipeza tsiku lachitatu, litakodwa m'misondodzi mamita awiri kuchokera pansi, ndipo kulitsitsa kunawatengera dzino limodzi.

"Mayi Barragan," anatero, mawu atasasa, "katundu wanu uyu. Amene anakutayitsani ndine. Chitsulo ndinachisiya mu mtengo ndine, mutandiuza kawiri. Ndikufuna anthu awa amve, chifukwa zina zija anazimvanso pompano." Anapisa m'thumba natulutsa cholembera chakuda cholembera zitsanzo. "Lembanipo dzina lanu. Pa pepala lidzakhalanso loyamba, ngati mungalole kuti langa likhalepo."

Ofelia sanalandire cholembera. Anapempha Nadine lezala ndi kapu ya madzi. Anapala kanjira kuchokera pakati pa gudumu mpaka m'mphepete, ananyowetsa ndi chala, naika kagalasi pa diso. Anthu anasiya msonkhano nazungulira tebulo. Iye ankayenda ndi nsonga ya singano, milomo ikugwedera. Mizere ya mitengo ya m'mapiri mwathu ankaidziwa pamtima ngati mayina a abale ake. Pafupi ndi pakati anaima, nabaya kadontho. Anapitiriza nthawi yaitali, khofi wa anthu mpaka kuzizira. Pafupi ndi m'mphepete anaimanso, anabwerera, anawerenganso, nabaya kadontho kena.

"Apa ndi pamene zipika zakufa zinalekezera," anatero. "Apa ndi pamene mitengo yamoyo inayambira. Zagwirana."

Fermin anamenya tebulo, mbale nkudumpha. Wendell Sproul anafunsa kuti pakati pa timadontho tiwirito pali mizere ingati.

Ofelia anati akawerenganso bwino ku ntchito, mwina asintha ndi ziwiri kapena zitatu, koma pakadali pano ndi zana limodzi ndi makumi anayi ndi imodzi.

"Zonsezo chilala?"

"Muli zaka zisanu ndi chimodzi za mvula yabwino. Zomwazikana. Ndikhulupirira anthu a nthawi imeneyo nawo ankati chatha."

Wendell anakhala pansi pang'onopang'ono. Patapita kanthawi anauza mlembi wa msonkhano kuti za ng'ombe mazana awiri zija asalembe kaye.

A Pulofesa anali ataimabe pomwepo, cholembera chili m'manja, akudzandira pang'ono. Ofelia anachitenga osawayang'ana, analemba zilembo ziwiri ndi nambala m'mbali mwa gudumu, nabwezera kagalasi pa diso.

"Ndiye tathana?" anafunsa a Pulofesa.

"Tathana," anatero Ofelia. "Sunthani pang'ono, mukunditchingira kuwala."